Madzi a Kuseri kwa Fakitale

Kumaso kwa fakitale kumanunkhira buledi amene sanaphikidwe.
Ine ndimagwira kuseri,
kumene yisiti akatha kudya manyuchi
amatisiyira madzi akuda bii, ofunda,
onunkha ngati masese oiwalika m'mbiya sabata yathunthu.

Kale tinkangotsegula paipi usiku,
Chipata atagona, agalu a ku Mchini okha ali maso.
Kapitawo ankati mvula idzatsuka.
Mvula inabwera, sinatsuke kanthu.
Lolemba lina Zelipa Daka anafika pageti
atasenza ndowa, chitenje atamanga m'chiuno,
n'kuitula pamapazi a mlonda:
tinsomba titagadama, mimba kumwamba,
ndi malaya a sukulu a mwana wake,
oyera dzana, lero ngati tiyi wopanda mkaka.
Sanatukwane. Anangoti,
"Kauzeni abwana anu kuti ndabweza katundu wawo."

Chaka chotsatira anakumba maiwe atatu
ndi kumanga thanki yotseka pamwamba, chulu cha simenti.
Ine Malizani anandipatsa magambuti,
botolo lomangirira kundodo,
ndi kabuku kolembamo manambala m'mawa ndi madzulo.
M'thankimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso
todya zimene yisiti wasiya m'mbale.
Tikakhuta timageya,
mpweya wakewo ife n'kuuyatsa pansi pa boila.
Tsiku loyamba ndinaseka ndekha ngati wamisala
kuona lawi likutuluka
m'chinthu chimene tinkachifunditsa mdima.

Dziwe loyamba ndi laukali, ngakhale mbalame zimalilambalala.
Lotsatira limangokhala duu, matope akutsikira pansi
monga mtima wa munthu amene walira mokwanira.
Lomaliza tinadzalamo mabango,
madzi amadutsa m'mizu mwakachetechete
n'kutuluka atachita manyazi pang'ono, ofiirira, osanunkha.
Ena amabwerera m'kati kukatsuka pansi ndi migolo.
Matope timayanika, alimi amatenga pangolo.

Musaganize kuti zinangoyenda myaa.
Chilimwe choyamba tinapereka madziwo kumadimba osawasungunula,
repu wa Zelipa yemwe uja
anapsa m'mphepete mwa masamba ngati wadutsidwa ndi lupsa.
Mchere, anatero Tisauke wa ku labu, akuluma cholembera,
mchere sumvera mabango.
Ndinapita ndekha kukapepesa.
Anandipatsa mpando, koma madzi akumwa ayi.

Lero timasakaniza: ndowa imodzi yathu, zisanu za pachitsime,
ndipo mvula ikakula, maiwe akafuna kusefukira,
sindigona, ndimazungulira ndi tochi m'matope
ndikuyang'ana kuphiri la Kanjala ngati ndingalinyengerere.

Mwana wanga Mwatitha amauza anzake kuti atate amapanga yisiti.
Sindimutsutsa. Fungo la ovolosi limanena lokha
ndikakwera njinga yahayala, woyendetsa akapotoza mphuno.
Akamadya chitumbuwa chofufuma pa Kapata
sadziwa kuti chilichonse chotupa bwino kumaso
chili ndi dziwe lake kuseri
ndi munthu woima pamenepo ndi botolo.

Dzulo m'bandakucha, ndisanalembe nambala iliyonse,
ndinamva mawu m'mabango a dziwe lomaliza.
Chule. Mmodzi yekha, wa mawu osasa,
ngati woyamba kufika pamaliro asanadziwe nyimbo.
M'kabuku mulibe mzere wolembapo achule,
ndinalemba m'mphepete, ndi pensulo.

Masana Zelipa anadutsa kumpanda ndi dengu la repu,
akupita kumsika, osaima.
Anaponya mpukutu umodzi pamwamba pa waya,
unagwera pafupi ndi magambuti anga.
"Ulawe uyambe ndiwe," anatero, osacheuka.
Ndinautola, ndinaukutumula fumbi.
Paipi inali kudontha pamfundo paja ndinamanga ndi mphira,
ndinapita kukafuna sipanala.